AFULU AKULU A PA ZISUMBU NDI FULU WA PEPALA

Palibe mwana wokulira kumudzi amene sadziwa fulu, nyama ija imene kwina aicha kamba. M'nthano za madzulo fulu ndiye mwini nzeru: apambana kalulu pa liwiro, ndipo agwira mbala pa citsime nyama zazikulu zitalephera. Fulu wa m'thengo la kuno ndi wamng'ono, mnyamata akhoza kumnyamula ndi manja ace awiri. Koma pa zisumbu zina za m'nyanja zazikulu pali afulu amene amuna asanu ndi mmodzi abvutika kuwanyamula. Wamphongo wamkulu alemera makilogalamu 250, ndiko kunena matumba khumi a ufa aja a makilogalamu 25, ndipo ena apitirira pamenepo.

Kale afulu otere anali pa zisumbu zambiri, ndipo anali osawerengeka. Lero atsala makamaka m'malo awiri, ndipo mitundu ina ya iwo inatheratu, palibe adzaionanso. Nkhani ino ifotokoza kumene akhala, cimene cinawatha, ndi macitidwe amene anapulumutsa otsalawo. Ifotokozanso mapangidwe a fulu wa pepala, nchito imene ana a sukulu ndi makolo ao akhoza kucita ndi zinthu zopezeka m'nyumba iri yonse ya m'komboni.

Kumene afulu amenewa akhala

Malo oyamba ndi zisumbu za Galápagos, m'nyanja ya Pacific. Zisumbuzi ndi za dziko la Ecuador ku South America, ndipo zatalikirana ndi gombe la dzikolo makilomita ngati 1,000, monga ulendo wocokera ku Lusaka kufikira ku Nakonde. Zinabadwa ndi mapiri ophulika moto, cotero malo ambiri ndi miyala yakuda yokhayokha. M'caka ca 1535 ngalawa ya Tomás de Berlanga, bishopu wa ku Panama, inatengedwa ndi madzi nifika kumeneko. Iye analembera mfumu ya ku Spain kuti waona afulu okhoza kubereka munthu pamsana. Dzina lakuti Galápagos licokera ku liu lakale la ku Spain lotanthauza fulu.

Malo aciwiri ali pafupi ndi Africa. Ndico cisumbu ca Aldabra, m'nyanja ya India, cimene ciri m'dziko la Seychelles, kumpoto kwa Madagascar. Ndi cisumbu ca miyala yakuthwa, cosowa madzi abwino akumwa, copanda dooko labwino la ngalawa. Pa cisumbu cimeneci pali afulu akulu ngati 100,000.

Munthu akhoza kufunsa kuti, kodi nyama yoyenda pang'onopang'ono cotere inafika bwanji pakati pa nyanja? Fulu wa pamtunda sadziwa kusambira bwino, koma ayandama, ndipo khosi lace lalitali lisunga mutu pamwamba pa madzi. Ndiponso akhoza kukhala miyezi yambiri wosadya, wosamwa. Makolo a afulu amenewa anatengedwa ndi mafunde kucokera ku maiko akulu, natera pa zisumbu pamene panalibe mkango, fisi kapena munthu. Umboni wace unaoneka m'December 2004, pamene fulu wamkulu wa mtundu wa ku Aldabra anatuluka m'nyanja pa gombe la Kimbiji, kumwera kwa Dar es Salaam. Anali woonda, tinkhono ta m'nyanja titamera pa miyendo yace, koma anali wamoyo.

Makhalidwe ao

Fulu wamkulu adya udzu, masamba, zipatso zakugwa, ndi mtengo wina wa minga wa masamba ocindikala odzala madzi wochedwa cactus. Dzuwa likatentha abisala pamthunzi kapena agona m'matope. Moyo wace ndi wautali koposa wa munthu, pakuti kupitirira zaka 100 si cacilendo kwa iye. Fulu wina wochedwa Jonathan anamtenga ku Seychelles kunka naye ku cisumbu ca St Helena m'caka ca 1882 ali wamkulu kale, ndipo m'caka ca 2022 anthu a kumeneko anamcitira cikondwerero ca zaka 190.

Koma nyama ya moyo wautali icedwa kubala. Fulu wa ku Galápagos ayamba kuikira mazira ali ndi zaka 20 kapena 25. Wamkazi atsikira ku malo ouma a dothi lofewa, akumba dzenje ndi miyendo ya m'mbuyo, aikira mazira kuyambira awiri kufikira 16, afotsera, nacoka osabweranso. Dzuwa ndilo lifungatira mazirawo miyezi inai kufikira isanu ndi itatu. Cisa cikatentha kwambiri muturuka ana akazi ambiri, cikazizirako muturuka amuna. Mwana akaswa ndi wocepa wokwana m'dzanja, cigoba cace n'cofewa, ndipo ciri conse ca mano cikhoza kumudya. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse: kupha fulu wamkulu ndi nchito ya ola limodzi, koma kulera wina wolowa m'malo mwace ndi nchito ya zaka 25.

Pali cinthu cina codabwitsa. Pa zisumbu za mapiri ndi mvula yambiri, monga Santa Cruz, cigoba ca fulu n'cozungulira ngati mphika wobvundikira, pakuti cakudya ciri pansi ndipo fulu angoweramitsa mutu. Pa zisumbu zouma, monga Española ndi Pinta, cigoba n'cotukuka kutsogolo ngati cishalo ca kavalo, khosi ndi miyendo n'zazitali, kuti fulu afikire masamba a pamwamba. Charles Darwin, amene anafika ku Galápagos pa ngalawa ya Beagle m'caka ca 1835, anauzidwa ndi Nicholas Lawson, mkulu woyang'anira anthu a kumeneko, kuti pongoona cigoba akhoza kudziwa cisumbu cimene fulu wacokera. Mau amenewa anali ena mwa amene anathandiza Darwin pambuyo pace kulingalira za kusintha kwa zamoyo monga mwa malo amene zikhala.

Cimene cinawatha

Masiku a ngalawa zoyenda ndi mphepo amalinyero anali kukhala pa nyanja miyezi yambiri, alikudya nyama ya mcere ndi masikono ouma, ndipo ambiri anali kudwala cifukwa ca kusowa cakudya caciwisi. Kwa iwo fulu wamkulu anali nkhokwe yoyenda yokha. Sathawa, saluma, ndipo nyama yace ndi yokoma. Anali kuwagwira, kuwaunjika cagada m'kati mwa ngalawa, ndi kupha mmodzimmodzi pa ulendo. Mphamvu ija yopirira njala ndi ludzu, imene inafikitsa makolo ao pa zisumbu, ndiyo inasanduka imfa yao. Akazi ndiwo anatengedwa kwambiri, popeza ndi opepukirapo ndipo anali kupezeka kufupi ndi gombe poikira mazira.

M'nyanja ya India, zisumbu za Mauritius, Réunion ndi Rodrigues zinali ndi mitundu isanu ya afulu akulu yosapezeka kwina kuli konse. François Leguat, Mfalansa amene anafika pa Rodrigues m'caka ca 1691, analemba kuti anaona magulu a afulu zikwi ziwiri kapena zitatu, othithikana kotero kuti munthu akadayenda mtunda pa misana yao osaponda pansi. M'caka ca 1735 Afalansa anaika anthu pa cisumbuco a nchito yogwira afulu ndi kuwatumiza ku Mauritius, kukadyetsa amalinyero, asilikali ndi odwala. Pofika caka ca 1800 afulu a pa Rodrigues anali atatha. Lero mitundu isanu yonse ija inatheratu.

Ku Galápagos nchito yoononga inacitika makamaka ndi ngalawa zosaka anamgumi. M'caka ca 1925 Charles Townsend, wa ku New York, anafalitsa zimene anapeza m'mabuku a ulendo a ngalawa 79 za ku America. Pakati pa 1831 ndi 1868 ngalawa zimenezo zokha zinatenga afulu oposa 13,000, ndipo zinali zowerengeka cabe mwa mazana a ngalawa zimene zinali kufika kumeneko. Pambuyo pace anthu okhala pa zisumbuzo anapha enanso ambiri kuti ayenge mafuta ogulitsa ku mizinda ya ku Ecuador. Akatswiri ayesa kuti pa ciyambi kunali afulu oposa 250,000, koma pofika zaka za m'ma 1970 anatsala ngati 15,000.

Anthu anasiyanso adani ena m'mbuyo mwao. Makoswe otsika m'ngalawa anadya ana ongoswa kumene. Nkhumba zinafukula zisa. Mbuzi zinadya udzu ndi mitengo yaing'ono kufikira nthaka inakhala poyera. Pa cisumbu ca Pinta asodzi anasiya mbuzi zitatu m'caka ca 1959, ndipo pofika 1970 zinali zitaswana kufikira ngati 40,000. Mbuzi ibala isanakwanitse caka, fulu ayembekeza zaka 20. Pa mpikisano wotere nzeru za m'nthano sizikadamthandiza.

Afulu awiri, George ndi Diego

Boma la Ecuador linaika zisumbu za Galápagos kukhala malo osungira nyama m'caka ca 1959, ndipo m'caka ca 1964 inatsegulidwa nyumba ya akatswiri yochedwa Charles Darwin Research Station, pa Santa Cruz. Mbiri ya afulu awiri amene anasungidwa kumeneko ionetsa kusiyana kwa kufulumira ndi kucedwa.

M'caka ca 1971 József Vágvölgyi, katswiri wa nkhono wa ku Hungary, anaona fulu mmodzi wamphongo pa Pinta, pamene anthu anali kuyesa kuti afulu anatha kale. Caka cotsatira anamtengera ku Santa Cruz, ndipo anamucha Lonesome George, ndiko kunena George wosungulumwa. Anafunafuna wamkazi wa mtundu wace pa cisumbuco ndi m'malo osungira nyama a maiko ena, koma sanampeza. Anamuika pamodzi ndi akazi a mitundu yapafupi, mazira anaikidwa, koma palibe limodzi linaswa. George anafa pa 24 June 2012, ndipo mtundu wa afulu a pa Pinta unathera pa iye. Akale anati madzi akatayika saoleka.

Pa cisumbu ca Española anthu anafikapo mocedwa, koma osati mocedwetsa. Pakati pa 1963 ndi 1974 anapezapo afulu 14 okha, akazi 12 ndi amuna awiri, omwazikana kotero kuti sanali kukomananso. Anawasonkhanitsa ku Santa Cruz. Wamphongo wacitatu, Diego, anambweza kucokera ku malo osungira nyama a mzinda wa San Diego ku America, kumene anakhala zaka zambiri. Osunga anali kufukula mazira ndi kuwaika m'mabokosi ofunda, osawatembenuza, ndi kulera ana kufikira zaka ngati zisanu, pamene cigoba calimba. Atatero anali kuwanyamula kunka nao kwao ku Española, kumene mbuzi zinali zitacotsedwa. Ana obwezedwa motero anafika pafupi 2,000, ndipo mazana ambiri mwa iwo anali a Diego. M'June 2020, poona kuti afulu alikubalana okha pa cisumbuco, osunga anabweza makolo 15 aja kwao.

Nchito yocotsa adani inali yaikulu ndi yodya ndalama. Pakati pa 1997 ndi 2006 mbuzi zoposa 140,000 zinaphedwa pa zisumbu za Pinta, Santiago ndi kumpoto kwa Isabela. Zotsala zobisala m'miyala anazipeza mwa cenjerero ili: anali kubveka mbuzi imodzi kawailesi m'khosi ndi kuimasula, ndipo popeza mbuzi ikonda zinzace, inali kutsogolera osaka kumene gulu labisala. Pa cisumbu ca Pinzón makoswe anaphedwa ndi mankhwala m'caka ca 2012, ndipo m'caka ca 2014 kunaoneka ana a fulu oswedwa m'thengo, cinthu cimene sicinaoneka kumeneko zaka zoposa 100.

Aldabra anapulumuka cifukwa ca kutalika kwace ndi kuuma kwace, komanso cifukwa anthu ena analankhula nthawi isanathe. M'caka ca 1874 Darwin ndi akatswiri anzace analembera bwanamkubwa wa ku Mauritius kupempha kuti afulu a kumeneko achinjirizidwe. M'zaka za m'ma 1960 boma la Britain linafuna kumangapo bwalo la ndege za nkhondo, akatswiri anatsutsa kolimba, ndipo m'caka ca 1967 maganizowo anasiyidwa. Kuyambira caka ca 2000 afulu a mtundu wa ku Aldabra anaikidwa pa kacisumbu ka Île aux Aigrettes ku Mauritius, kuti agwire nchito ya afulu amene anatha. Adya zipatso za mitengo ya m'nkhalango ndi kumwaza njere zace m'ndowe zao, ndipo mitengo imene inaleka kufalikira inayambanso kumera patali ndi mai wace.

Komatu ngozi siinathe. Pangano la maiko lochedwa CITES, limene linalembedwa m'caka ca 1973, liletsa malonda a afulu a ku Galápagos pakati pa maiko, koma alipo anthu olemera ofuna kuweta nyama zosowa. M'March 2021, pa bwalo la ndege la Baltra ku Galápagos, anapeza ana a fulu 185 m'sutukesi, okulungidwa m'mapulasitiki, ndipo ena anali atafa kale.

Kupanga fulu wa pepala

Anthu ambiri sadzafika ku Galápagos kapena ku Aldabra, ndipo cinthu cimene munthu sanacione sacimvera cisoni. Cithunzi ca m'buku mwana aciyang'ana kamphindi naiwala. Koma mwana amene waumba fulu ndi manja ace ayenera kufunsa kuti miyendo ikhala pati, zigamba za pamsana n'zingati, khosi lituluka bwanji. Mafunso amenewa ndiwo ciyambi ca kudziwa nyama. Ndiponso kalasi imene iri ndi fulu wa pepala siifuna kutola fulu wamoyo m'thengo ndi kumsunga m'bokosi.

Zofunika ndi izi: manyuzipepala akale, katoni, ufa wa cinangwa kapena wa tirigu, mcere pang'ono, sizasi, waya wofewa, cingwe copyapyala, mafuta ophikira pang'ono, ndi mbale yakuya kapena cipanda codula pakati.

Poyamba wopanga aphike phala lomatira. Asakanize kapu imodzi ya ufa ndi makapu asanu a madzi, aike pamoto wocepa alikutakasa, kufikira likhale ngati phala la mwana wakhanda. Athiremo supuni ya mcere kuti lisabvunde msanga, ndipo alisiye lizizire. Ang'ambe manyuzipepala timizere totambalala zala ziwiri. Kung'amba kuposa kudula ndi sizasi, pakuti m'mbali mwa pepala long'ambidwa mumatika bwino osaoneka msoko.

Cigoba ca pamwamba cipangidwa pa mbale. Aibvundikire pa thebulo ndi kuipaka mafuta kunja kwace, kuti pepala lisakakamire. Mapepala oyamba awabviike m'madzi okha. Otsatira awabviike m'phala, awapsinje ndi zala, ndipo awayale mopingasa, ena cotalika ena copingasa, monga aluka mphasa. Akayala katatu aleke ciume pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu licipinda. Abwereze kufikira kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu. Patapita masiku awiri kapena atatu cigoba cidzacoka pa mbale cokha, ndipo m'mphepete mwace akonze ndi sizasi. Ofulumira amene acotsa cisanaume apeza kuti cagwera m'kati.

Cigoba ca pamimba adule pa katoni, cocepa pang'ono kuposa ca pamwamba, ndipo aseme malo anai opita miyendo. Zigoba ziwirizi zilumikizana m'nthiti mokha, kumanzere ndi kumanja. Kutsogolo kukhala kotseguka kuti mutu ndi miyendo ituluke, kumbuyo cimodzimodzi.

Miyendo ipangidwa popinda pepala molimba ngati mpukutu, ndi kulikuta ndi timizere ta phala. Ya m'mbuyo ikhale yoongoka ndi yonenepa ngati ya njobvu. Ya kutsogolo ikhale yopindikira m'kati pang'ono. Zikhadabo n'zisanu pa mwendo wa kutsogolo ndi zinai pa wa m'mbuyo, ndipo tizidutswa ta katoni tikwanira. Khosi lipangidwa pokulunga pepala pa waya, kuti lipindike monga wopanga afuna. Mutu ukhale waung'ono, wa mlomo wolimba wopanda mano, wopanda makutu oonekera kunja. Mcira ndi waufupi.

Tsono ifika nchito ya zigamba, imene ifuna maso. Pakati pa msana pali zigamba zisanu zotsatana kucokera kukhosi kufikira kumcira. Mbali iri yonse ya izo pali zinai, zonse pamodzi 13. M'mphepete muli tizigamba 11 kumanzere, 11 kumanja, ndi cimodzi pamwamba pa mcira. Fulu wa ku Aldabra kawirikawiri ali ndi kacigamba kena kakang'ono pamwamba pa khosi, koma wa ku Galápagos alibe, ndipo akatswiri awasiyanitsa ndi kameneka. Wopanga alembe mizere ndi pensulo, amate cingwe potsata mizereyo, ndipo akute ndi pepala limodzi lopyapyala kuti zigamba zioneke zotukuka. Utoto wace ndi wotuwa moderapo. Makala osinja osakaniza ndi phala ndi dothi pang'ono apereka maonekedwe oyenera popanda kugula kanthu ku sitolo. Fulu akauma amuike pamwamba, patali ndi cinyezi, ciswe ndi mphemvu.

Nkwabwino kupanga afulu awiri. Wina akhale wa cigoba cozungulira. Winayo, cigoba cikali cofewa, acidule pang'ono kutsogolo, acitukule ngati cishalo, amate mapepala ena pa mpatawo, ndipo ampatse khosi ndi miyendo yaitali. Patsogolo pa woyamba aike udzu pansi, patsogolo pa waciwiri aimike kamtengo ka katoni ka masamba a pamwamba. Mwana woona awiriwa adzamvetsa yekha cimene Lawson anauza Darwin.

Kuti ukulu wace weniweni umveke, pafunika muyeso. Cigoba ca wamphongo wamkulu wa ku Aldabra citalika masentimita ngati 120. Ngati mbale yapereka cigoba ca masentimita 24, ndiye kuti fulu wacepetsedwa kasanu. Tsono adule munthu wa katoni wotalika masentimita 34, amuimike pambali pace, ndipo aike njere ya nyemba pansi kukhala mwana wongoswa kumene. Ana adzaona ulendo umene nyembayo iyenera kuyenda.

Mphunzitsi akumbutsenso ana cinthu cimodzi cimene pepala silikhoza kuonetsa. Cigoba ca fulu wamoyo si nyumba yakuti atulukemo, monga nthano zina zinena. Ndi mafupa ace enieni, msana ndi nthiti zolumikizana, ndipo ciri ndi mwazi, cimva kuwawa. Kubowola cigoba kuti amangepo cingwe ndi kubvulaza nyama.

Ndipo kalasi ikakwanitsa afulu 15, iwatulutse pabwalo ndi kuwaika pamodzi. Malo amene adzadzaza ndi ocepa ngati mphasa imodzi. Ana auzidwe kuti mtundu wonse wa ku Española unatsala otero, ndi kuti ku Pinta anatsala mmodzi.

Phunziro lace m'dziko la Zambia

Zambia alibe nyanja yaikulu kapena afulu akulu, koma mbiri yofanana inacitika m'cigwa ca Luangwa. Cipembere cakuda ndi nyama yocedwa kubala: caikazi cikhala ndi bere miyezi 15, cibala mwana mmodzi, ndipo papita zaka ziwiri kapena zitatu cisanabalenso. Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1970 dziko lino linali ndi zipembere zikwi zambiri. Zinaphedwa cifukwa ca nyanga zace zogulitsa ku maiko akutali, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti zatha m'dziko lonse. M'caka ca 2003 zipembere zisanu zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa kukaikidwa ku North Luangwa, ndipo pofika 2010 zobwera motero zinakwana 25. Zambia anali ndi mwai umene Pinta analibe, pakuti mtunduwo unali ukalipo kwa anansi.

Pa nkhani zonsezi cimene cinatha nyama si mlenje mmodzi wofuna ndiwo za ana ace. Cinatha nyama ndi msika. Afulu a pa Rodrigues anatha cifukwa ku Mauritius kunali ofuna kudya, zipembere zinatha cifukwa kutali kunali ogula. Cotero munthu wa m'tauni kapena wa ku migodi, amene sanagwirepo mfuti, ali ndi mbali yace pa mlanduwu. Nyama youma ya m'thengo yogulitsidwa mobisa kuseri kwa nyumba icokera ku Kafue, ku Luangwa ndi malo ena otere, ndipo wogula ndiye atuma wosaka kuti abwererenso. Lamulo la dziko liletsa kupha kapena kugulitsa nyama ya m'thengo popanda cilolezo.

Fulu wamng'ono wa kuno nayenso ali ndi mdani wace. Moto wotentha thengo m'miyezi ya September ndi October, pofuna mbewa kapena popanda cifukwa, uthamanga koposa iye. Mphoyo ithawa, mbalame iuluka, koma fulu angobweza mutu m'cigoba napsera momwemo. Woyenda m'lupsa apeza zigoba zoyera zopanda mwini.

Akale anati m'mera mpoyamba. Cifukwa cace makalabu a Chongololo anayambidwa m'masukulu a Zambia m'caka ca 1972, kuti ana adziwe nyama za dziko lao akali ang'ono. Fulu wa pepala ndi nchito yoyenera kalabu yotere, ndiponso ndi nchito imene bambo woweruka ku mgodi akhoza kucita ndi ana ace Loweruka madzulo. Itenga masiku anai kapena asanu, ndi ufa wosakwana nsima ya munthu mmodzi. Mwana amene anawerenga zigamba 13 ndi cala cace, akadzapeza fulu wamoyo alikuoloka mseu, adzawerama kuti aone ngati ciwerengero cija ndi coona. Akatha kuwerenga, amuolotse mbali imene anali kulowera, ndi kumleka apite.